Mtsikana Woperekeza Alendo

Buku lija linalibe chikuto, ndipo mpaka lero sindidziwa mutu wake kapena amene analilemba. Ndinalitola pakhonde la sukulu yathu ya sekondale ku Kabwe, pa mulu wa mabuku amene mphunzitsi wina wachizungu anasiya pobwerera kwawo. Anzanga, anthu anzeru, analimbirana a masamu ndi a sayansi. Ine ndinatola lonenepa lothothoka, chifukwa tsamba loyamba linali ndi mapu a dziko limene kulibe: mapiri, zipululu, mizinda ya mayina oluma lilime, koma njanji ayi, ngakhale imodzi. Ine mwana wa munthu wa kunjanji ndinadabwa kuti kaya anthu amenewa malasha amasenza pamutu.

Munali nthano zinayi, zonse za mtsikana mmodzi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, msinkhu wanga ndendende. Ntchito yake inali liwu lina la Chingerezi lokhala ndi ma "s" anayi. Nditakalifuna mu dikishonale ya kusukulu, ndinapeza kuti ndi munthu wopha anzake mwaganyu. Ganyu! Kwathu ku Kamushanga ganyu inali kuumba njerwa kapena kugaula dimba la munthu. Mnzangayu ganyu yake inali makosi a mafumu.

Ndipo anali mtsikana wamwayi bwanji. Madzi sanatungepo. Mbale sanatsukepo. Magazi a pamalaya ake ankangotha okha pakati pa tsamba ili ndi linalo, pamene ife sopo tinkachita kumuimira pamzere theka la tsiku. Dziko lawolo linali ndi miyezi iwiri kuthambo, koma iye kumwezi sanapiteko ndi kamodzi komwe m'nthano zonse zinayi. Akaimba likhweru chithunzithunzi chake chinkachoka pansi n'kukamutsegulira zitseko. Amuna onse ankamukonda, makamaka amene anatumidwa kukawapha, moti wina anafa akumuuza kuti maso ake ndi okongola. Zopusa zokhazokha! Ndinaliwerenga katatu mwezi usanathe.

Vuto linali Amama. Atate anali gadi wa sitima ya katundu, ndipo pakhomo ankaonekapo masiku owerengeka. Achimwene anga anali atapita kukagwira ntchito kumigodi ya kumpoto. Ndiye pepala lililonse la Chingerezi lolowa m'nyumba mwathu linkadutsa pakamwa panga: la kuchipatala, la kunjanji, la kusukulu, ngakhale timawu ta pabotolo la mankhwala. Amama Baibulo la Chinyanja ankawerenga ndithu, chala chili pamzere, monga anaphunzirira kwawo ku Katete. Koma Chingerezi chinali khoma. Ankanditcha "maso anga", ndipo ndikawerenga chinthu sankafunsanso munthu wina aliyense. Pamalo pomwe amayi ambiri ankayenda ndi makalata awo khomo ndi khomo kupempha wowawerengera, n'kuululitsa zam'nyumba mwawo, Amama ankayenda mutu uli m'mwamba chifukwa cha ine. Chimenecho ndicho ndinkasewera nacho, ndipo ndinkadziwa.

Amama anali a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, a bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, ndipo nkhani zophana sankazifuna m'nyumba mwawo. Ndinaonapo ndi maso anga akutentha pambaula timabuku ta zithunzi ta achimwene chifukwa munali munthu wogwira mfuti. Anawotcherapo chimanga chifukwa moto sankautaya pachabe.

Anandigwira pamzere wa saladi, mafuta ophikira aja. Zaka zimenezo ukamva kuti kusitolo ya boma kwafika katundu, unkayamba waima pamzere, kufunsa chimene chafika pambuyo. Tinaima kuyambira m'mawa, dzuwa likuwamba, fumbi la kumgodi likulowa m'mano, anyamata a chipani akuyendayenda kuwongola mzere ngati ndi wawo. Ine ndinatulutsa buku langa. Ndinali pamlatho ndi mtsikana uja, mpeni uli m'manja mwa malaya, akudikira woweruza milandu wina wankhanza.

"Iwe, chikukutsegulitsa pakamwa n'chiyani?" Amama anafunsa. "Likuti bwanji bukulo?"

"Ndi la kusukulu, Amama."

"Sindinafunse kwawo. Ndati likuti bwanji?"

"Ndi nkhani ya mtsikana wina wamasiye."

"Kalanga ine. Ndiye amatani?"

Amayi a kutsogolo ndi a kumbuyo anali atatchera kale makutu, poti pamzere nkhani ilibe mwini. Ndinayang'ana liwu la ma "s" anayi lija, ndinakumbukira mbaula, ndipo pakamwa panga panatuluka chinthu chimene sindinachikonzekere.

"Amaperekeza anthu."

"Amaperekeza alendo?"

"Eee, Amama. Akuluakulu. Amawaperekeza."

Mumtima ndinadziuza kuti si bodza kwenikweni. Pajatu ndi kumanda komwe timati tikukaperekeza mnzathu. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Koma ndinali nditakhudza pamtima penipeni pa Amama. Kwa iwo kuperekeza mlendo kunali muyeso wa munthu. Ankati anthu a m'tauni ndi osaleredwa chifukwa amatsazika mlendo pakhomo, iye asanatembenuke n'komwe chitseko chili phwa. Kwawo mlendo unkamunyamulira kathumba kake, kuyenda naye mpaka kudambo, kuima, kutsazikana, kuyambanso nkhani ina, kuyendanso mpaka pamtengo wakutiwakuti. Ndiye kumva kuti Azungu alemba buku lathunthu la mtsikana woperekeza alendo, nkhope yawo inawala.

"Ona! Ndiye kuti ndi kwawo komwe aliko ana omva. Tikafika kunyumba undiwerengere."

Mafuta anatha ife tisanafike pakhomo la sitolo. Tinabwerera ndi botolo lopanda kanthu ndi bodza langa.

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse ndikaweruka, Amama ankayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kutenga zoluka zawo, ine n'kutenga ntchito yanga yosambitsa chigawenga. Inali ntchito yolemetsa kuposa mayeso onse a kusukulu. Maso ankawerenga china, pakamwa pankanena china, ndipo ndinkayenera kukumbukira mabodza a dzulo kuti agwirizane ndi a lero. Mpeni unasanduka kamphatso kamene ankapatsa mlendo potsazikana. Chiphe cha m'chikho chinasanduka thobwa. Magazi anali thukuta. Asilikali akamamuthamangitsa pamadenga a nyumba, ndinkati wakwera kukaanula mfutso mvula isanagwe.

"Wakhama mwana ameneyu," Amama ankatero. "Nanga woweruza uja anamuperekeza mpaka pati?"

"Mpaka pamlatho."

"Basi?"

"Anatsetsereka naye pang'ono kumadzi."

"Ndiwo ulemu umenewo. Mlendo sumusiya asanawoloke."

Nthano yachiwiri inali ya mng'ono wa mfumu, ndipo kumeneko anaperekezedwa anthu asanu ndi awiri tsiku limodzi, paphwando. Amama anasiya zoluka n'kuomba m'manja. Anafuna kudziwa ngati mwanayo anapeza mpata wakudya. Ndinati anadya. Anafunsa chifukwa chake alendo amenewa sabweranso kudzacheza. Ndinati kwawo n'kutali.

Chilango changa sichinachedwe. Amama anayamba kumutcha mtsikanayo "mnzako uja". Ndikasiya mbale m'beseni, mnzako uja sakanatero. Ndikayankha mokweza, mnzako uja ndi wamasiye koma ali ndi mwambo, iwe makolo onse awiri uli nawo. Ndipo mlendo aliyense wopondako kwathu, woperekeza ndinali ine. Azakhali a ku Makandanyama ndinawasenzera thumba la mbatata mpaka pakhomo pawo, dzuwa lili paliwombo, iwo akuyenda ngati ali paukwati. Akuluampingo ena obwera kudzaona Atate ndinawaperekeza mpaka kusiteshoni, njira yonse akundifunsa mafunso a katekisimu. Pobwerera ndinkatukwana mtsikana wa m'buku uja ndi mtima wonse. Iye ankangobaya kamodzi n'kumapita, ine mapazi anachita matuza. Kangapo konse ndinayang'ana khosi la mlendo ndikumvetsa ntchito ya mtsikanayo.

Nthano yachinayi ndiyo inandipha. Mtsikanayo anatumidwa kukapha nkhalamba imene inamulera ndi kumuphunzitsa ntchito. Nkhalambayo inadziwa, inamudikira itakhala pampando, ndipo inamudzudzula kuti wagwira mpeni molakwika. Pamenepo, ndivomere, wolembayo anaigwira ntchito. Ine amene ndinkaseka buku lonse, apa sindinaseke. Ndinauza Amama kuti agogo aja anakalamba, analakalaka kwawo, ndipo mtsikanayo anawaperekeza yekha mpaka kufika, n'kubwerera yekhayekha akulira.

Amama anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Tinalira tonse awiri pamphasa imodzi, nkhani ziwiri zosiyana.

"Nkhani iyi si yobisa," anatero Amama. "Sabata yamawa kuchigwirizano tili ndi chilangizo cha atsikana, ndipo phunziro la ulemu andipatsa ine. Ukawawerengera atsikana anzako."

Ndinayamba kufuna pothawira. Ndinati bukulo likufunika kusukulu. Anati akalipempha okha kwa ahedi. Ndinati mawu anga ndi aang'ono. Anati ndikamaitana anzanga kumsewu amamveka mpaka kunjanji. Ndinaganiza zolitaya m'chimbudzi, koma pokalifuna ndinapeza kuti alisunga kale m'chikwama chawo cha kutchalitchi, pamodzi ndi Baibulo ndi buku la nyimbo. Chigawenga changa chinagona masiku asanu pakati pa mabuku opatulika. Masiku asanu amenewo ndikanatha kuulula. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Chimene ndinkaopa chinali munthu mmodzi, mayi wa tsidya la msewu wathu amene amayi onse ankamutcha aDona, kumbali. Anagwirapo ntchito yotayipa ku ofesi ya njanji, ankavala mandala a tcheni, ndipo popemphera ankaponyamo mawu a Chingerezi kuti Mulungu amve msanga. Makalata a theka la Kamushanga ankawerenga ndi iwo, ndipo zam'makalatazo zinkafika kumsika mwini wake asanafike kunyumba. Amama okha ndi amene sanapondepo pakhomo pawo ndi pepala m'manja. ADona zimenezo zinkawawawa, ndipo Amama ankadziwa kuti zikuwawawa.

Tsikulo linafika. Tinakhala m'tchalitchi masana, amayi pamabenchi ndi zoyera zawo, atsikana pansi kutsogolo, miyendo yowongola. Tinaimba, tinapemphera. Amama anaimirira n'kulankhula bwino kwambiri za mlendo, moti amayi ankangoti "Ndi zoona" uku ndi uku. Kenaka anatulutsa buku.

"Kuti musamati ndi zachikale za kumudzi," anatero, "ngakhale Azungu analemba. Mwana wanga, maso anga, atiwerengere."

Ndinawerenga nthano ya pamlatho monga ndinaikonzera. Thobwa linamwedwa, kamphatso kanaperekedwa, woweruza anawoloka. Amayi anang'ung'udza mokondwa. Atsikana anzanga a kusekondale ankandiyang'ana mokayika, koma sanandiulule. Ndinayamba kuganiza kuti ndapulumuka.

"Nionekoni bukuyo," anatero aDona m'Chinyanja chawo cha m'tauni, dzanja atatambasula kale. "Nifuna chabe nione mwamene analembela. Ni nkhani yabwino maningi."

Amama anandilanda buku n'kukalipereka okha, ndi manja awiri, akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakuonabe.

ADona anakweza mandala, ananyowetsa chala, anatsegula. Anawerenga chamumtima tsamba limodzi. Anatsegula lachiwiri. Sanafulumire, mfiti ya mayi, anali ngati munthu wosenda nzimbe. Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Iwe mwana, kamphatso kameneka kanalowa pati?"

Anatembenukira kumabenchi.

"Amayi, pano palembedwa kuti anamugwira tsitsi, namucheka pakhosi kuchoka khutu ili kufika khutu ili, namukankhira mumtsinje." Tsopano Chinyanja chawo chinali choyera bwino, cha m'Baibulo, kuti aliyense amve. "Thobwa ndi poizoni. Mtsikanayu ndi chigawenga, amapha anthu kuti alipidwe. Tiyeni tione kutsogoloku. Eee, apa wapha asanu ndi awiri. Ndiye ulemu umene atibweretsera lero ndi umenewu."

"Mayo ine!" anakuwa mayi wina kumbuyo. Kenaka wina anaphulika kuseka, anayesa kutseka pakamwa ndi duku, zinakanika. Tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. Atsikana anagubuduka pansi. Amayi abusa anamenya benchi kuti kukhale bata, koma mapewa awo omwe ankagwedezeka. Wina anafunsa mokweza ngati alendo a kwathu amafika kwawo amoyo.

Amama sanakhale pansi. Anaima pomwepo, manja atagwira chikwama, kudikira mpaka phokoso litatha. Sanandiyang'ane.

"Pepani, amayi," anatero. "Ine Chingerezi sindidziwa, ndipo nonse mukudziwa kuti sindidziwa. Ndinanena zimene ndinauzidwa."

Anakatenga buku kwa aDona, anathokoza, anabwerera pamalo pawo. Nyimbo yotsekera anaimba mavesi onse.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Ine ndinkayenda pambuyo ndikukonzekera mbama, ndikukonzekera mbaula, ndipo kunena zoona ndinkazilakalaka. Titafika Amama anavula duku, analipinda, anatulutsa buku m'chikwama n'kundipatsa.

"Tenga. Ndi lako."

"Amama, pepani. Ndinaopa kuti mulitentha."

"Ndikanalitentha, inde. Ukanalira masiku awiri." Anakhala pampando n'kuyamba kuvula nsapato. "Kalata ija ya kuchipatala, ya chifuwa cha atate ako. Unawerenga zimene zinalembedwa?"

"Zonse, Amama. Ndikulumbira."

"Ya kunjanji, ya nyumba ino?"

"Ndendende."

"Nanga mapepala ako a kusukulu?"

Ndinachedwa kuyankha. Panali kamzere kamodzi, chaka chapitacho, pamene mphunzitsi analemba kuti ndine wolongolola m'kalasi, ine n'kuwerenga kuti ndimakonda kuyankha mafunso. Kamzere kamodzi chabe. Koma Amama kuchedwa kwangako anakumva.

"Chabwino," anatero. "Kabweretse madzi."

Sanandimenye, ndipo Atate atabwera sanawauze. Atate anazimvera kusiteshoni, poti nkhaniyo inayenda Kabwe yense. Kwa miyezi ingapo ku Kamushanga munthu akati "ndikuperekezeni", mnzake ankagwira pakhosi n'kuti "Ayi, zikomo, njira ndikuidziwa." Amama ankapita kuchigwirizano sabata iliyonse osaphonya, ankakhala pabenchi yawo yomwe ija, koma phunziro sanavomerenso kupereka. Mapepala ndinkawawerengerabe. Ankamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti "Chabwino", n'kupinda pepalalo kuliika m'chikwama. Kumene linkapita pambuyo pake sindinkafuna kufunsa.

Bukulo ndinaliwerenganso kamodzi, ndikuyembekeza kuti linditonthoza. Linandinyansa. Mtsikana uja anapha anthu ochuluka chonchija, ndipo palibe ndi tsamba limodzi limene anayenera kudzuka m'mawa n'kupereka moni kwa munthu amene anamulasa, kudya naye mbale imodzi, kumutungira madzi osamba. Ake onse ankafa n'kumusiya mumtendere. Ndinalipereka kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo nthano zonse zinayi zinatha sabata imodzi pokulungira zitumbuwazo, tsamba ndi tsamba.

Patapita zaka ziwiri ndinamaliza sukulu, ndipo tsiku lina masana Atate anabwera ndi envulopu ya khaki kuchokera kupositi. Inali yanga. Ndinaitsegula pomwepo. Anali atanditenga ku koleji ya uphunzitsi, munthu woyamba m'banja mwathu. Atate anandigwira chanza ngati mwamuna mnzawo n'kutuluka kukauza anzawo. Ndinathamangira kuseri kumene Amama ankachapa, ndinagwada pambali pa beseni, n'kuwawerengera liwu ndi liwu, kuyambira pa adiresi mpaka pa siginecha, osasiya ngakhale za bulangete ndi ndowa zimene ndinayenera kupita nazo.

Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Chabwino," anatero.

Anasamba m'manja, anapukuta pachitenje, anamanga duku. Anatenga kalatayo m'manja mwanga mosamala kuti isanyowe, n'kutuluka pageti. Ndinawaona akuwoloka msewu, akuodira pakhomo la aDona, akugwada pang'ono popereka pepala. Chitseko chinatsekeka.

Ndinatsala nditagwada pambali pa beseni, thovu likuphwa pa malaya a Atate. Panapita nthawi yokwanira munthu kupeza mandala, kunyowetsa chala ndi kuwerenga tsamba limodzi mosafulumira. Kenaka, kuchokera m'nyumba ya eni, tsidya la msewu, ndinamva nthungululu ya Amama.